Wobwera pakhomo ndani? Ndalama za boma la America zolerera ana a mafuko a eni nthaka

Kwathu kuno mlendo akafika pakhomo amati "odi", n'kudikira kuti amuyankhe. Kwa a Navajo, kummwera chakumadzulo kwa dziko la America, mlendo waulemu amaimika galimoto chapatali pang'ono, n'kukhala momwemo mpaka eni nyumba atamuona ndi kutuluka. Kuthamangira kukagogoda pachitseko amakuona ngati kusaleredwa bwino. Ndayambira pa mwambo umenewu chifukwa nkhaniyi, ngakhale yadzaza ndi malamulo ndi ziwerengero, gwero lake lili pakhomo pomwepo. Boma la America limapereka ndalama zoti alangizi aziyendera amayi oyembekezera ndi makanda m'nyumba za mafuko a eni nthaka, ndi zina zoti ana azisamalidwa makolo akapita kuntchito kapena kusukulu. Wosadziwa mbiri anganene kuti palibe chachilendo, ndi chithandizo ngati china chilichonse. Koma m'midzi imeneyi mudakali agogo amene amakumbukira kuti galimoto ya boma ikaima pabwalo, mwana amachoka, ndipo ena sanabwererenso.

Tiyambe ndi mawu, poti akhoza kutisokoneza. Malamulo a ku America amawatchula anthuwa kuti "Indian", dzina lomwe linachokera ku kusokera kwa Christopher Columbus, amene ankaganiza kuti wafika ku India. Ife tikamva Amwenye timaganiza za anzathu a masitolo a ku Limbe, choncho ndiziti eni nthaka. Mawu akuti fuko nawonso ali ndi tanthauzo lina kumeneko. Kuno tikati fuko la Achewa kapena Alhomwe timanena za chiyankhulo, miyambo ndi mafumu. Ku America fuko lovomerezeka ndi boma palokha. Lili ndi mtsogoleri ndi khonsolo yake, malamulo ake, ndipo ambiri ali ndi makhoti ndi apolisi awo. Mafuko otere alipo opitirira 570, ndipo opitirira 220 mwa iwo ali ku Alaska. Ena ali ndi anthu ochepa oti angakwane m'tchalitchi chimodzi, pomwe dziko la a Navajo ndi lalikulu makilomita pafupifupi 71,000 mbali zonse, kuposa theka la Malawi.

Ubale wa mafukowa ndi boma la ku Washington unamangidwa pa mapangano. Boma linasainirana nawo mapangano pafupifupi 370 lisanasiye kutero mu 1871. Mafuko anapereka nthaka, kawirikawiri mfuti ili pamphumi, ndipo boma linalonjeza chitetezo, maphunziro ndi chithandizo cha zaumoyo. Mu 1831 mkulu wa oweruza John Marshall anagamula kuti mafukowa ndi maiko odziimira okhala m'kati mwa America koma odalira boma lalikulu. Mu 1974 khoti lalikulu linanenanso kuti boma likamachitira mafukowa zinthu mwapadera, silikukondera mtundu wa khungu, likuchita ndi maboma anzake. Ndiye atsogoleri a mafuko akamapita ku Washington kukakamba za ndalama za ana, sapita ngati opempha. Amapita ngati eni ngongole, ndipo amanena poyera kuti malipiro anaperekedwa kale, nthaka ija.

Zimene boma linachita ndi ana

Lonjezo la maphunziro lija boma linalikwaniritsa m'njira yoopsa. Kuyambira mu 1819 linayamba kupereka ndalama kwa amishoni kuti "atukule" ana a eni nthaka, ndipo mu 1879 msilikali Richard Henry Pratt anatsegula sukulu yogonera konko ya Carlisle ku Pennsylvania. Mfundo yake, monga anainenera yekha mu 1892, inali yoti uphe chikhalidwe cha fuko mwa mwanayo kuti upulumutse munthu. Ana ankametedwa tsitsi, kusinthidwa maina, ndi kumenyedwa akayankhula chiyankhulo cha amayi awo. Kafukufuku amene analamula Deb Haaland, mayi wa fuko la Laguna Pueblo yemwe anali mwini nthaka woyamba kukhala nduna m'boma la America, anapeza sukulu zotere 417 pakati pa 1819 ndi 1969, ndi ana osachepera 973 amene anafera komweko. Pa 25 Okutobala 2024 Pulezidenti Joe Biden anapita ku Gila River ku Arizona kukapepesa m'dzina la boma.

Sukuluzi zitayamba kuchepa, kulanda ana kunangosintha chovala. Antchito oona za chisamaliro cha anthu ankalowa m'nyumba, n'kuona ana akugona ndi agogo m'chipinda chimodzi, mulibe mpopi, mayi wapita kutali kukagwira ntchito, n'kulemba kuti mwanayu akunyalanyazidwa. Kafukufuku wa mu 1969 ndi 1974 anaonetsa kuti pa ana 100 alionse a eni nthaka, 25 mpaka 35 anali atachotsedwa kwa makolo awo, ambiri n'kuperekedwa ku mabanja a anthu a mitundu ina. Amayi nawonso sanasiyidwe. Lipoti la ofesi yolondoloza ntchito za boma la mu 1976 linapeza kuti m'zigawo zinayi zokha za zipatala za boma zothandiza eni nthaka, maopaleshoni otseka kubereka okwana 3,406 anachitika pakati pa 1973 ndi 1976, ndipo mapepala a chilolezo sankatsata malamulo.

Zinthu zinayamba kutembenuka ndi lamulo la mu 1975 lolola mafuko kuyendetsa okha ntchito zimene boma linkawayendetsera, kenako la mu 1978 loteteza ana, lomwe linapatsa makhoti a mafuko mphamvu pa milandu ya ana awo ndi kulamula kuti mwana wosowa pokhala aziyamba waperekedwa kwa abale. Lamulo la mu 1978 limeneli analisumira mpaka ku khoti lalikulu, lomwe mu Juni 2023 linaliteteza ndi mavoti 7 kwa 2. Ndondomeko ziwiri zimene ndikufotokoza apa zinabadwira m'nthaka yotere, ndipo n'chifukwa chake funso loti wobwera pakhomo ndi ndani, ndipo akutsata malamulo a yani, limalemera kuposa kuchuluka kwa madola.

Thumba loyamba: kosiya ana makolo akachoka

Ku America kusiya mwana kumalo osamalirako ana ndi kokwera mtengo, mwakuti m'madera ena mtengo wake umaposa lendi ya nyumba. Mu 1990 nyumba ya malamulo inakhazikitsa thumba lothandiza mabanja opeza zochepa, ndipo mu 1996 linaphatikizidwa ndi ndalama zina n'kukhala thumba lotchedwa Child Care and Development Fund, mwachidule CCDF. Limayendetsedwa ndi ofesi yoona za kusamalira ana mu unduna wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu. Ndalama zambiri zimapita ku maboma a zigawo 50 za dzikolo, koma lamulo limapatula gawo lopita mwachindunji ku mafuko, osadzera m'manja mwa bwanamkubwa wa chigawo. Lamuloli litakonzedwanso mu 2014, linati pa ndalama zimene aphungu amavomereza chaka ndi chaka, gawo la mafuko lisachepere 2 peresenti, ndipo nduna ikhoza kuonjezera. Mu 2018 aphungu anawonjezera mafuko madola pafupifupi 157 miliyoni, ndipo mu 2021, pa nthawi ya mliri wa COVID-19, lamulo lina linakhazikitsa madola 100 miliyoni pachaka osadikira mavoti, kuphatikiza ndalama za kamodzi kokha zopitirira biliyoni imodzi.

Kagawidwe kake n'kosavuta kumva. Fuko limawerenga ana ake osakwana zaka 13 okhala m'dera lake, n'kutumiza chiwerengerocho. Limalandira madola 30,000 a poyambira, kenako ndalama zina molingana ndi kuchuluka kwa ana. Fuko lokhala ndi ana osakwana 50 silingafunsire palokha, liyenera kugwirizana ndi mafuko anzake, poti mutu umodzi susenza denga. Mwa njira imeneyi mabungwe pafupifupi 260 amalandira ndalama m'malo mwa mafuko opitirira 500. Chosangalatsa n'chakuti fuko ndi limene limanena lokha kuti "mwana wa fuko" ndi ndani. Lina limawerenga okhawo olembedwa m'kaundula, lina limaphatikiza zidzukulu za olembedwa, lina limalandira ana a mafuko ena okhala m'deralo. Madera akalowana, monga zimachitikira m'malo ena, mafuko oyandikanawo amayenera kukambirana kuti mwana mmodzi asawerengedwe kawiri.

Pali zinthu zingapo zimene mafuko amaloledwa koma zigawo ayi. Fuko silifunsidwa kuikapo ndalama zake ngati chikole. Likhoza kugwiritsa ntchito mpaka 15 peresenti pa ntchito za mu ofesi, pomwe zigawo zimalekezera pa 5 peresenti, chifukwa ngakhale pulogalamu ikhale yaing'ono, wowerengera ndalama amafunikabe. Likhoza kupempha chilolezo chomangira nyumba yosamaliramo ana ndi ndalama zomwezo, zomwe zigawo n'zoletsedwa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mumzinda kholo limapatsidwa chikalata cholipirira n'kusankha malo amene likufuna, koma kumudzi wa ku Alaska wofikako pandege yokha, chikalatacho chingagule chiyani ngati kulibe ngakhale chipinda chimodzi chosamaliramo ana? Komanso mwana wa fuko sataya ufulu wake wolandira chithandizo cha chigawo chimene akukhala. Ndi nzika ya maboma onse awiri, ndipo chigawo sichingamukane ponena kuti apite kwao.

Malangizo ndi pomwe nsapato imathina

Ndalama za boma sizibwera zokha, zimabwera ndi mabuku a malangizo. Fuko lililonse limalemba ndondomeko ya zaka zitatu yofotokoza amene lidzathandize, mitengo imene lidzalipire osamalira ana, maphunziro awo, ndi m'mene lidzayendere malowo kuona za ukhondo ndi chitetezo. Mu 2016 boma linazindikira kuti n'zopanda nzeru kufunsa kamudzi ka mabanja owerengeka mapepala ofanana ndi a fuko lalikulu ngati la Cherokee, ndiye linagawa mafuko patatu: olandira madola osakwana 250,000, olandira pakati pa 250,000 ndi miliyoni imodzi, ndi olandira kuposa pamenepo. Aang'onowo anamasulidwa ku malamulo ambiri, koma a chitetezo cha ana ndi okweza ubwino wa chisamaliro amakhudza onse.

Nkhani ya abale ndi imene ife tingaimve msanga. M'mafuko ambiri mwana amasiyidwa kwa agogo kapena azakhali, ndipo thumbali limalola kuti m'baleyo azilipidwa, ngakhalenso kumasulidwa ku ena mwa malamulo amene amakhudza malo a bizinesi. Koma lamulo la ku Washington linachita kundandalika kuti m'bale ndi ndani: agogo, makolo a agogo, azakhali ndi amalume, ndi mkulu kapena mchemwali wa mwanayo wokhala nyumba ina. A Navajo amatsata mtundu wa kuchikazi, monga Achewa, ndipo mayi wa mbumba imodzi ndi amayi ako ndi amayi akonso, ngakhale magazi anasiyana kalekale. Mayi wotere pamapepala a boma ndi mlendo. Tangoganizani wina akuuzeni kuti msuweni wa amayi anu amene anakuberekani kumsana kuyambira muli khanda si m'bale wanu chifukwa sali pamndandanda. Mafuko akhala akudandaula za mfundo zotere, ndipo mu 2023 ofesi yoona za kusamalira ana ija inapempha maganizo awo pa malamulo onse a thumbali.

Kufufuza mbiri ya osamalira ana nakonso kuli ndi minga. Lamulo la 2014 ndi malangizo ake a mu 2016 amafuna kuti aliyense wogwira ntchito ndi ana adindidwe zala ndi kufufuzidwa ku FBI ndi m'makaundula a olakwira ana, ndipo ngati ana akusamalidwa panyumba, akuluakulu onse okhala m'nyumbamo amafufuzidwanso. Cholinga chake palibe angachitsutse. Koma m'madera momwe nyumba n'zosowa, ndipo mibadwo itatu imagona pansi pa denga limodzi, mlandu wakale wa malume mmodzi ukhoza kutsekera mudzi wonse malo okhawo osiyako ana. Kuwonjezera apo, si mafuko onse amene amatha kulowa m'makaundula a zigawo mosavuta. N'chifukwa chake mafuko amaloledwa kulemba njira ina yofufuzira, bola boma liivomereze. Ngakhale kagonekedwe ka khanda kanafunika kukambirana. Malangizo a zaumoyo amati khanda ligone chagada pamalo olimba, ndipo mafuko ambiri ali ndi kathabwa kawo kachikhalidwe komangirirapo mwana, komwe amagonapo chagada ndithu. Woyendera wochokera kunja, wongotsata buku, akhoza kukaona ngati cholakwika. Fuko likamalemba lokha malamulo ake a chitetezo, limakalemba momwemo ndi m'mene kayenera kugwiritsidwira ntchito.

Kusintha kwakukulu kwaposachedwa kunabwera kumapeto kwa 2024. Poyamba m'mafuko ena banja linkayenera kupeza ndalama zosapitirira 85 peresenti ya zimene banja lapakatikati limapeza m'deralo. Lamulo latsopano linalola mafuko onse kuthandiza ana awo osayang'ana chuma cha banja, ngati atafuna. Chaka chomwecho aphungu anachitanso chimodzimodzi ndi sukulu za mkombaphala za Head Start zoyendetsedwa ndi mafuko. Mwina wina angati uku n'kudyetsa okhuta. Ine ndikuona mwina. Pamudzi pomwe pali malo amodzi okha osamalirako ana, ndipo ndi pomwe ana amamva chiyankhulo chimene chatsala m'kamwa mwa nkhalamba zowerengeka, kubweza mwana wa namwino kapena wa mphunzitsi chifukwa mayi wake anakwezedwa malipiro n'kudzipweteka wekha. Vuto n'lakuti lamuloli linakulitsa chitseko osakulitsa nyumba. Ndalama sizinawonjezeke chifukwa cha lamuloli, ndiye fuko liyenera kusankhabe woyambira.

Thumba lachiwiri: woyendera mabanja

Ndondomeko yoyendera mabanja ndi yaing'ono pa ndalama, koma ndi imene imakhudza pachilonda penipeni. Inabadwa mu 2010 m'kati mwa lamulo la zaumoyo la Pulezidenti Barack Obama, ndi madola 1.5 biliyoni a zaka zisanu, ndipo imadziwika ndi chidule chakuti MIECHV. Namwino kapena mlangizi wophunzitsidwa amayendera mayi kuyambira ali woyembekezera mpaka mwana atakula pang'ono. Amakambirana za sikelo, kuyamwitsa, kagonekedwe, katemera, kusewera ndi kuyankhula ndi khanda. Amafunsanso za nkhawa imene imagwira amayi ena akabereka, za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, za nkhanza za m'banja, n'kulozera banjalo kumene lingapeze chithandizo. Amene anayenderedwapo ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi ali ndi chithunzi chake. Kufunika kwake sikobisika, poti makanda a eni nthaka amamwalira asanakwanitse chaka pa mlingo pafupifupi kawiri poyerekeza ndi a azungu. Ndipo banja limalowa mwa kufuna kwake, lamulo limanena zimenezi momveka.

Gawo la mafuko linali 3 peresenti, lomwe kwa zaka zambiri linali madola 12 miliyoni pachaka. Mu Disembala 2022 lamulo latsopano, lotchedwa dzina la phungu Jackie Walorski wa ku Indiana amene anamwalira pangozi ya galimoto mu Ogasiti chaka chomwecho, linakweza gawoli kufika pa 6 peresenti ndi kukulitsa thumba lonse. Mafuko anachoka pa 12 miliyoni kufika pa 30 miliyoni mu 2023, ndipo lamuloli likufikitsa gawo lawo pa 48 miliyoni mu 2027. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi thumba loyamba lija. Ndalamazi sizigawidwa kwa onse, zimachita kupikisanirana. Fuko lilembe pempho, lipikisane ndi anzake. Kwa zaka khumi zoyamba opambana sankapitirira 30, pano adutsa 40. Pa mafuko opitirira 570, mukuona nokha. Ndipo mpikisano wa mapepala umakomera amene ali kale ndi akatswiri olemba mapempho, pomwe ovutikitsitsa nthawi zambiri ndi amene alibe munthu wotere.

Mabungwe a eni nthaka a m'mizinda nawonso amaloledwa kufunsira, ndipo izi zili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1950 boma linkanyengerera eni nthaka kusamukira m'mizinda, n'kumawalipirira ulendo, mwakuti lero ambiri a iwo sakhala kumalo opatulidwira mafuko. N'chifukwa chake ku Seattle kuli pulogalamu ya Ina Maka, ndipo ku Oakland kuli ina yoyendetsedwa ndi chipatala cha eni nthaka. Ku Anchorage bungwe la Southcentral Foundation limatumiza anamwino kudzera mu pulogalamu ya Nutaqsiivik, ndipo ku Taos Pueblo, ku New Mexico, kuli Tiwa Babies. Maina okhawo akukuuzani kuti eni ake safuna kuti ntchitoyi izimveka ngati ya boma.

Wopambana amalowa mgwirizano wa zaka zisanu, ndipo chaka choyamba chimathera pa kufufuza zosowa za dera ndi kulemba ndondomeko, asanayendere banja ngakhale limodzi. Kenako amayezedwa pa mbali zisanu ndi imodzi: umoyo wa mayi ndi khanda, kupewa kuvulala ndi kuzunzidwa kwa ana, kukonzekera sukulu, umbanda kapena nkhanza za m'banja, kudzidalira pa chuma, ndi kulumikiza mabanja ku mathandizo ena. Ayenera kuonetsa kusintha pa zinayi mwa zimenezi.

Umboni wa yani?

Mkangano weniweni uli pa mawu akuti umboni. Lamulo la 2010 linati ndalama zambiri zipite ku njira zoyendera mabanja zimene kafukufuku wokhwima anatsimikiza kuti zimagwira ntchito. Njira zodziwika zinalipo kale, monga ya anamwino imene David Olds anayamba kuyesa ku Elmira, New York, mu 1977, ndi ya Parents as Teachers yochokera ku Missouri. Koma boma litaunika kafukufuku yense, linapeza kuti panalibe njira ngakhale imodzi yotsimikizika pakati pa eni nthaka. Ndi ochepa okha amene anavutikapo kukayesa kumeneko. Ndiye mafuko analoledwa kutenga njira zoyesedwa kwina, kapena zongooneka zodalirika, n'kuziumba kuti zigwirizane ndi kwao, pa mfundo yoti azichita kafukufuku wawo. Ambiri anasankha Parents as Teachers, n'kuwonjezera chiyankhulo, nyimbo zogonekera ana, miyambo ya kutcha dzina, ndi nkhalamba zoperekeza alangizi.

Njira yoyamba kuvomerezedwa kuti ili ndi umboni pakati pa eni nthaka inali Family Spirit, mu 2014. Inakonzedwa kuyambira mu 1995 ndi akatswiri a yunivesite ya Johns Hopkins pamodzi ndi a Navajo, a White Mountain Apache ndi a San Carlos Apache. Ili ndi maphunziro 63, kuyambira pa mimba mpaka mwana atakwana zaka zitatu. Anaiyesa pa atsikana oyembekezera 322, ndipo anapeza kuti amayi oyenderedwawo ankadziwa zambiri za kulera, nkhawa ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo zinachepa, ndipo ana awo anali ndi mavuto ochepa a khalidwe. Chimene chimandikopa ine n'chakuti oyenderawo sanali anamwino a madigiri. Anali amayi a m'midzi momwemo, odziwa chiyankhulo ndi mbumba za anthu, ophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa. Kumadera kosowa anamwino, izi zikutanthauza kuti ntchito itheka. Ndipo kwa agogo okumbukira galimoto ija, wotsika m'galimoto ya lero ndi mwana wa auje, amene amadziwa kuti ayenera kudikira panja.

Sikuti zonse zimakhala myaa. Pamudzi pomwe aliyense amadziwana, mtsikana akhoza kuopa kuululira mlangizi za mwamuna womumenya, poti mlangiziyo ndi msuweni wa mwamunayo. Komanso mlangizi, ngakhale akhale wa pamudzi, lamulo nthawi zambiri limamukakamiza kukanena akaona mwana akuzunzidwa, ndipo mabanja amadziwa zimenezi. Alangizi anzeru amanena poyera tsiku loyamba kuti chinsinsi chimalekezera pati. Kafukufuku naye ndi mawu owawa m'mafuko ambiri. A Havasupai a ku Arizona anapereka magazi m'zaka za m'ma 1990 pokhulupirira kuti akufufuza matenda a shuga, n'kudzatulukira kuti anagwiritsidwanso ntchito pa zina zimene sanavomereze. Mlandu wake unatha mu 2010, yunivesite ya Arizona State italipira madola 700,000 ndi kubweza magaziwo. Kuuza anthu otere kuti theka la mabanja lilandire chithandizo, theka lina lidikire kuti tiyerekeze, si nkhani yapafupi, makamaka pamudzi pomwe mabanja onse oyenera ndi 40 okha. Masiku ano mafuko ambiri ali ndi makomiti awo ovomereza kafukufuku, ndipo amanenetsa kuti ziwerengero za ana awo ndi katundu wa fuko.

Pali njira ina imene mafuko anapeza yopeputsira mtolo wa mapepala. Lamulo la mu 1992, limene onse amangolitchula ndi nambala yakuti 477, limalola fuko kuphatikiza ndalama za ntchito, maphunziro a luso ndi kusamalira ana kuchokera ku maunduna osiyanasiyana, n'kukhala ndi ndondomeko imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Mayi wofuna ntchito amalowa khomo limodzi n'kupeza zonse, kosiya mwana komwe. Mafuko amalikonda lamuloli. Maunduna ena akhala akulikokera m'mbuyo poopa kuti sadzatha kulondoloza dola iliyonse, ndipo nyumba ya malamulo inachita kulilimbitsa mu 2017.

Kukokana kumeneku sikudzatha msanga, chifukwa mbali zonse zili ndi mfundo. Ofesi ya ku Washington imayankha kwa aphungu ndi okhoma msonkho, ndipo mwana akavulala pamalo olipidwa ndi boma, funso limabwerera kwa iyo. Fuko nalo limati ndife boma, ana ndi athu, ndipo nthawi imene munkatiuza kaleredwe tonse tikudziwa chimene chinatuluka. Lamulo la pulezidenti la mu 2000 limafuna kuti maunduna azikambirana ndi mafuko asanasinthe ndondomeko zowakhudza. Koma ubale wa tsiku ndi tsiku umadalira anthu, wantchito wa ku ofesi ya unduna yoyang'anira zigawo zingapo amene amadziwa kuti mudzi wakutiwakuti ndege sifika nyengo yozizira, n'kumvetsa lipoti likachedwa. Mu Epulo 2025 unduna wa zaumoyo unatseka maofesi ake otere asanu mwa khumi, kuphatikizapo ya ku Seattle imene inkayang'anira Alaska ndi ya ku San Francisco imene inkayang'anira Arizona ndi California. Ndalama za mliri zija nazonso zinali za kamodzi, ndipo mafuko amene anakweza nazo malipiro a osamalira ana kapena kutsegula zipinda zatsopano ayenera kupeza pena podalira. Lamulo la Walorski limathera pa 30 Seputembala 2027, ndipo kuti alangizi apitirize kuyenda m'misewu yafumbi ija kupyola tsikulo, aphungu ayenera kuvotanso.